Kumvetsa histone acetylation ndi manja: ulusi, zitsekero za Sobo ndi selotepu

Ikayandikira nthawi ya mayeso ndimakumana ndi ophunzira za umoyo ambiri kuno ku Blantyre, ena ochokera cha ku Ginnery Corner ena cha ku Chichiri, ndipo dandaulo lawo limakhala lomwelomwe. Amati analoweza kuti acetylation imatsegula gene ndipo deacetylation imatseka, koma ukawafunsa kuti nanga zimenezi zikukhudza bwanji mwana amene akuumbika m'mimba, amangoyang'ana pansi. Ine zimandikhudza, chifukwa anthu amenewa ndi anzeru ndipo mawa lino ndi amene adzakhale akulemba mankhwala kwa azilongo athu oyembekezera. Nde ndinasiya kufotokoza ndi pakamwa pokha, masiku ano timayala mkeka kapena kuchotsa mbale patebulo n'kuchipanga chinthucho ndi manja. Ndikulemberani mmene timachitira kuti nanunso mukayese kwanu. Ndizilemba kuti gene osati jini, chifukwa mukanena majini pamaso pa agogo iwo amva zina.

Zoti musonkhanitse: ulusi wolukira majuzi wokwana mamita anayi kapena asanu (mu msika wa Limbe ndi wosasowa), zitsekero za pulasitiki za mabotolo zosachepera 12, selotepu, tinsalu totsala kwa telala todula motalika ngati chala, pepala lofiira ndi lina lakuda, zopanira zovala zitatu zinayi, sizasi ndi maka.

Musanagwire chilichonse yambani mwakhazikitsa funso m'mutu

Selo la pakhungu panu, selo la mu ubongo ndi selo la pa mnofu wa mwendo, onse ali ndi DNA yofanana, ma gene opanga mapuloteni okwana ngati 20,000, ndipo onse anachokera ku selo limodzi lija dzira litakumana ndi umuna. John Gurdon anaonetsa mu 1962 kuti nyukiliyasi ya selo la m'matumbo a mbululu ikaikidwa mu dzira la chule lochotsedwa nyukiliyasi yake imatha kupanga mbululu ina yathunthu, kutanthauza kuti selo likamakhwima silitaya ma gene, limangosankha oti agwire ntchito ndi oti agone. Funso lathu ndi limeneli basi: kusankhako kumachitika bwanji, ndipo selo limasunga bwanji chisankhocho? Acetylation ndi mbali imodzi ya yankho.

Gawo loyamba, kukulunga ulusi

Ulusi wanuwo ndiye DNA. Mu selo limodzi la munthu DNA yonse itatambasulidwa imafika mamita awiri, koma imakhala mu nyukiliyasi yoti diso silingaone, nde iyenera kukulungidwa ngati mmene telala amakulungira ulusi pa bobini. Mabobini ake ndi mapuloteni otchedwa histone.

Tengani zitsekero ziwiri. Pa chilichonse lembani ndi maka mayina anayi awa: H2A, H2B, H3, H4. Ziphatikizeni ndi selotepu zikhale kabobini kamodzi. Mwaona, dzina lililonse lapezeka kawiri, mapuloteni onse ndi 8, ndipo ndi mmene zilili mu selo. Kenako zungulizani ulusi pa kabobiniko kamodzi ndi theka n'kupitirira pang'ono, musafike kawiri, mumate ndi kachidutswa ka selotepu kuti usamasuke. Mu selo mbali yokulungidwayo imakhala ndi ma base pair 147, ndiye kuti zilembo za DNA zokhala ziwiriziwiri. Bobini pamodzi ndi ulusi wakewo ndiye nucleosome. Siyani ulusi wotalika ngati chala chimodzi, pangani ina, pitirizani mpaka zikwane zisanu ndi imodzi. Mukanyamula muona ngati mkanda wa m'khosi wotalikirana, ndipo pa maikulosikopu ya ma electron chromatin yomasuka, ndiye DNA pamodzi ndi ma histone ake, imaonekadi chonchi. Roger Kornberg ndi amene anafotokoza kapangidwe kameneka mu 1974, ndipo chithunzi chake chatsatanetsatane chinatuluka mu 1997 kuchokera kwa Karolin Luger ndi Timothy Richmond.

Pali histone yachisanu, H1, imene imakhala kunja pamene ulusi ukulowera ndi kutulukira. Ngati mukufuna mangani kamphira pamenepo, koma lero si nkhani yathu.

Gawo lachiwiri, michira

Apa ndi pamene pagona nkhani nde musathamange. Histone iliyonse ili ndi mchira umene umatulukira kunja kwa bobini, ulusi suuphimba. Matani tinsalu tija pa bobini iliyonse, mwachilungamo timayenera kukhala 8 koma tinayi tikukwanira, tiwiri ta H3 tiwiri ta H4. Pa kansalu kalikonse lembani K malo awiri atatu. K ndi chilembo choimira lysine, imodzi mwa ma amino acid, ndipo michira ya histone ndi yodzadza ndi lysine ndi arginine.

Kumbukirani batire ya tochi, mbali ina pulasi ina mainasi. DNA ndi ya mainasi chifukwa cha ma phosphate amene ali pamsana pake, pomwe lysine ndi ya pulasi, nde zimakokana. Kuti manja anu amve zimenezi, zungulizani selotepu pa K iliyonse mbali yomata ili kunja. Kunamatira kumeneko ndiye pulasi wathu.

Tsopano sonkhanitsani mkanda wonse m'dzanja muufumbate. Mukatsegula dzanja mupeza michira yagwira ulusi, ina yagwira bobini yoyandikana nayo, chonse chakhala chibulunga chimodzi. Tengani chopanira zovala chimodzi mulembepo Pol II, ndiye enzaimu imene imawerenga gene n'kupanga RNA, muyese kuchipana pa ulusi n'kuchiyendetsa. Sichiyenda, ngakhale popana penipeni simupapeza. Gene ili momwemo, yabwinobwino, palibe chilembo chimene chasowa, koma siwerengeka.

Gawo lachitatu, acetylation yeniyeni

Ng'ambani pepala lofiira tizidutswa ting'onoting'ono. Kachidutswa kalikonse ndi acetyl, kanthu kakang'ono ka ma carbon awiri. Matulani michira pang'onopang'ono, pa selotepu iliyonse yomata phimbanipo kapepala kofiira. Dzanja lanu likuchita ntchito ya enzaimu yotchedwa HAT, histone acetyltransferase, ndipo mayina oti muwadziwe ndi p300 ndi mnzake CBP, komanso Gcn5 ndi PCAF. Acetyl imeneyi HAT imaitenga ku acetyl-CoA, yomwe ija munaphunzira ku biochemistry kuti imachokera ku shuga ndi mafuta a m'chakudya. Nsima imene munadya masana ili ndi gawo pamenepa, koma chonde musakalembe kuti kudya nsima yambiri kumatsegula ma gene, tiona posachedwa kuti chimene chimasankha malo ndi china.

Fumbataninso mkanda uja. Mukatsegula dzanja ukumasuka wokha, michira sikugwiranso. Acetyl ikakhala pa lysine pulasi uja amatha, mchira umasiya kukakamira DNA. Malo amodzi odziwika bwino pa zimenezi ndi lysine ya nambala 16 pa H4, ikalandira acetyl ma nucleosome oyandikana amavutika kupindana pamodzi.

Ambiri amaima pomwepa ndipo ndi chifukwa chake amapeza theka la mamakisi. Yang'aninso kapepalako, ndi kofiira, kamaoneka patali. Ntchito yake yachiwiri ndi kukhala chizindikiro, ngati kansalu kofiira kamene amamangirira kumbuyo kwa lole yonyamula matabwa ataliatali kuti aliyense aone. Mu selo muli mapuloteni okhala ndi kathumba kotchedwa bromodomain kamene kamakwanira ndendende pa lysine yokhala ndi acetyl. Tengani chopanira chachiwiri mulembepo BRD4, muchipane pa kapepala kofiira. BRD4 ikafika imaitana zothandiza Pol II kuti inyamuke iziyenda. Chopanira chachitatu lembanipo SWI/SNF, ichi chimagwiritsa ntchito mphamvu ya ATP kukankha bobini kuti isunthe pa ulusi kapena ichoke kumene, nde kankhani bobini imodzi ndi chala muone ulusi wautali utatsala pamtunda. Panani Pol II pamenepo. Ikuyenda.

Munthu woyamba kuganizira kuti acetylation ikukhudzana ndi kupangidwa kwa RNA anali Vincent Allfrey ndi anzake ku Rockefeller ku New York mu 1964, koma panadutsa zaka zoposa 30 umboni wogwirika usanapezeke. Mu 1996 gulu la David Allis linapeza HAT mu kachilombo ka m'madzi kotchedwa Tetrahymena n'kuona kuti ndi yofanana ndi Gcn5 ya mu yisiti, imene inkadziwika kale kuti imathandiza kutsegula ma gene. Chaka chomwecho gulu la Stuart Schreiber linapeza HDAC yoyamba, enzaimu yochotsa acetyl, yofanana ndi Rpd3 ya mu yisiti.

Gawo lachinayi ndi lachidule. Matulani timapepala tofiira, selotepu ikumatanso, fumbatani, chatsekeka. Imeneyo ndi ntchito ya HDAC, histone deacetylase. Munthu ali nazo 18, mwa izo 11 zimadalira zinc ndipo 7 zotchedwa sirtuin zimadalira NAD+. Chimodzi chokha muonjezere m'mutu: kuika ndi kuchotsaku sikuchitika kamodzi n'kutha, pa gene imene ikugwira ntchito HAT ndi HDAC zimapezeka zonse ziwiri, ina ikuika ina ikuchotsa m'mphindi zochepa, nde chimene mumayeza ndi mbali imene yapambana pa nthawi imeneyo. Ndi chifukwa chake selo limatha kusintha msanga uthenga ukabwera.

Gawo lachisanu, amene amalozera malo

Funsani mnzanu amene mukuchita naye kuti, HAT imadziwa bwanji bobini yoti iikepo kapepala? Payokha siidziwa. p300 siwerenga kuti iyi ndi gene ya magazi iyi ndi ya ubongo. Imachita kutengedwa ndi transcription factor, puloteni imene imazindikira zilembo zenizeni za DNA n'kukhala pamenepo, ngati kapitawo amene amafika pa puloti n'kuitana amisiri. Kapitawo wina amaitana HAT, wina amaitana HDAC. Ichi ndi chimene ndimafuna aliyense achoke nacho, chifukwa popanda ichi nkhani ya kakulidwe ka mwana siimveka.

Kuti muchione, gawani mkanda wanu m'maganizo zigawo zitatu, mabobini awiriawiri. Matani tizikwangwani: gawo loyamba globin, gene ya puloteni ya m'magazi ofiira, lachiwiri gene ya mnofu, lachitatu gene ya neuron, selo la mitsempha ya ubongo. Ngati muli atatu ndi bwino aliyense apange mkanda wake wofanana ndendende ndi wa mnzake, zimagwira mtima kwambiri mukaiyala pamodzi.

Woyamba akhale selo limene likupita kokakhala mnofu. Kapitawo wake ndi MyoD. Dulani kapepala mulembe MyoD muike pa gene ya mnofu, kenako timapepala tofiira pamenepo pokha, chifukwa MyoD imaitana p300 ndi PCAF. Wachiwiri akhale selo lopanga magazi ofiira, kapitawo wake GATA1, zofiira zipite pa globin. Nanga gene ya neuron pa mikanda iwiriyi? Pali puloteni yotchedwa REST imene imapezeka m'maselo amene si a mitsempha ya ubongo, imakhala pa ma gene a neuron n'kuitana HDAC1 ndi HDAC2 kudzera mwa anzake Sin3 ndi CoREST, nde pamenepo pakhale pomata, pofumbatika. Wachitatu, amene akukhala neuron, achotse REST, malo aja atseguke. Tsopano yalani mikanda itatuyo pamkeka. Ulusi ndi umodzimodzi, kutalika kofanana, mayina ofanana, koma pomasuka ndi posiyana. Mwana m'mimba amapangika motere, maselo ogawikana kuchokera ku limodzi akulandira mauthenga osiyana malinga ndi pamene ali ndi nthawi yake, uthenga ukudzutsa kapitawo, kapitawo akuitana HAT kapena HDAC.

Gawo lachisanu ndi chimodzi, pepala lakuda ndi K27

Phunzirani kuwerenga mayina aja amene amaopseza anthu. H3K27ac ndi histone H3, lysine ya nambala 27, yokhala ndi acetyl. Basi. H3K27me3 ndi lysine yomweyo koma yokhala ndi ma methyl atatu. Pa mchira umodzi wa H3 lembani 27 pafupi ndi K. Ikanipo kapepala kofiira, kenako yesani kuikanso kakuda pa selotepu yomweyo. Sikamata, malo atengedwa kale. Mu selo ndi chimodzimodzi, lysine imodzi singakhale ndi acetyl ndi ma methyl atatu nthawi imodzi. Chofiira pa K27 chimaikidwa ndi p300 ndi CBP, chakuda chimaikidwa ndi gulu la mapuloteni lotchedwa Polycomb, makamaka PRC2 imene enzaimu yake ndi EZH2, ndipo chimagoneka gene. Ma gene ambiri olamulira kaumbidwe ka thupi amakhala pa mkangano umenewu wa malo amodzi.

H3K27ac imapezeka kwambiri pa malo otchedwa enhancer amene akugwira ntchito, awa ndi malo a pa DNA amene amalimbikitsa gene kuti iwerengedwe. Enhancer imatha kukhala kutali kwambiri ndi gene yake pa ulusi, nde pindani ulusi wanu mpaka bobini yakumapeto ikhudze ya pakati, ndi mmene zimakumanirana. Ofufuza akafuna kudziwa kuti selo ili ndi la mtima kapena la chiwindi, mapu a H3K27ac amawauza zambiri, chifukwa mtundu uliwonse wa selo uli ndi ma enhancer ake otseguka.

Gawo lachisanu ndi chiwiri, sewerani nkhani zenizeni pa mkanda wanu

Sankhani ziwiri kapena zitatu mwa izi muzichita ndi manja mpaka muzitha kuzifotokoza osayang'ana pepala.

Yoyamba ndi ya retinoic acid, imene thupi limapanga kuchokera ku vitamini A. Puloteni yoilandira, RAR, imakhala kale pa DNA ngakhale retinoic acid isanafike, koma nthawi imeneyo imakhala itagwira NCoR kapena SMRT pamodzi ndi HDAC3, nde gene ndi yotseka. Retinoic acid ikafika n'kulowa mu RAR, puloteniyo imasintha kaimidwe, imataya gulu la HDAC n'kutenga p300 ndi CBP. Kapitawo yemweyo, malo omwewo, wangosintha amisiri. Ena mwa ma gene amene amatsegulidwa chonchi ndi a Hox, munthu ali nawo 39 m'magulu anayi, ndipo ndi amene amauza mbali iliyonse ya mluza kuti iwe ndiwe khosi, iwe chifuwa, iwe chiuno. Ndi chifukwa chake mankhwala a retinoid monga isotretinoin wa ziphuphu amaletsedwa kwa mayi woyembekezera, uthenga ukafika malo olakwika kapena wochuluka thupi limaumbika molakwika.

Yachiwiri ndimaikonda chifukwa ndi yathu, timaiona ku wodi ya ana. Mwana wobadwa ndi sickle cell miyezi yoyambirira amaoneka bwinobwino, mavuto amayamba kuonekera cha pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, manja ndi mapazi kutupa, magazi kuchepa. Chifukwa chake n'chakuti ali m'mimba ndiponso atangobadwa magazi ake amakhala ndi haemoglobin ya ukhanda, HbF, yopangidwa ndi gamma globin, pomwe vuto la sickle lili pa beta globin. Ma gene amenewa ali moyandikana pa chromosome 11. Mwana akabadwa gamma imatsekedwa pang'onopang'ono beta n'kutenga malo. Wotseka wamkulu ndi puloteni yotchedwa BCL11A, imene imagwira ntchito ndi gulu la NuRD, ndipo mkati mwa NuRD muli HDAC1 ndi HDAC2. Pa mkanda wanu lembani gamma pa bobini ina beta pa ina, yambani zofiira zili pa gamma, kenako bweretsani BCL11A muzimatule, enhancer ija muipindire ku beta. Butyrate, amene amalepheretsa HDAC kugwira ntchito, anapezeka kuti amakweza HbF. Hydroxyurea amene odwala amalandira nayenso amakweza HbF koma kudzera njira ina, musawasakanize pa mayeso.

Yachitatu muiona pakhomo. Mphaka wa mawanga akuda ndi ofiirira osakanikirana pafupifupi nthawi zonse amakhala wamkazi. Wamkazi ali ndi ma chromosome X awiri, ndipo mluza ukadali waung'ono selo lililonse limagoneka X imodzi, ili lagoneka ya kwa mayi ilo ya kwa bambo, ndipo maselo obadwa kuchokera pamenepo amasunga chisankhocho. Gene ya mtundu wofiirira ili pa X, nde ubweya umatuluka zigamba. Mary Lyon anafotokoza zimenezi mu 1961. RNA yotchedwa Xist imakuta X yoti igone, imakoka puloteni ya SPEN imene imagwira ntchito ndi HDAC3, ndipo kuchoka kwa acetyl ndi chimodzi mwa zinthu zoyambirira kuchitika. X yogonayo imakhala pafupifupi yopanda acetyl pa H4. Pa mkanda ndi zosavuta, matulani zofiira zonse kuchokera uku mpaka uko, fumbatani, chibulunga chimenecho ndiye Barr body imene mumaiona pa silaidi.

Gawo lachisanu ndi chitatu, onongani dala muone

Njira yabwino yodziwira kufunika kwa chinthu ndi kuchichotsa. Uzani mnzanu amene akuchita ntchito ya HAT kuti agwiritse dzanja limodzi lokha, muona ma gene ena akutseguka mochedwa kapena mosakwanira. Mwa anthu, kope limodzi la gene ya CBP kapena ya p300 likaonongeka mwana amabadwa ndi Rubinstein-Taybi syndrome, zala zazikulu za kumanja ndi kumapazi zimakhala zotambalala, msinkhu waufupi, kuphunzira kumavuta. Kope linalo lilipo ndipo likugwira ntchito, koma theka silikwanira.

Kenako mangani manja a amene akuchita ntchito ya HDAC. Zofiira zikungochuluka, ma gene oyenera kugona ali maso. Anthu amaganiza kuti kutseguka ndiye ubwino, ayi, mluza umafuna kutseka mofanana ndi mmene umafunira kutsegula. Mbewa za mu labu zochotsedwa HDAC1 zimafera m'mimba masiku 11 asanakwane, pomwe bere la mbewa limatenga masiku ngati 20.

Apa ndiima pang'ono chifukwa ndi pamene phunziroli limafika pa moyo wa munthu. Sodium valproate, mankhwala a khunyu amene amaperekedwanso pa matenda ena a maganizo, anapezeka mu 2001 kuti amalepheretsa HDAC. Ana obadwa kwa amayi amene amamwa valproate ali oyembekezera, pafupifupi 10 mwa 100 amabadwa ndi chilema, ndipo mmodzi kapena awiri mwa 100 amabadwa ndi msana wosatsekeka, spina bifida. Kulepheretsa HDAC ndi imodzi mwa njira zimene asayansi amafotokozera zimenezi. Chimene chimandiwawa n'chakuti chubu chimene chimadzakhala ubongo ndi msana chimatsekeka pofika tsiku la 28 kuchokera pamene mimba yakhala, nthawi imene mayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati, akungoti mwezi wachedwa. Nde inu amene mudzakhale ku chipatala, mtsikana kapena mayi wa msinkhu wobereka akabwera ndi khunyu, nkhani ya mimba ndi kulera muziikamba tsiku loyamba lomwelo. Ndipo achemwali amene mukuwerenga muli pa mankhwalawa, musasiye nokha, kugwa khunyu muli ndi pakati ndi koopsa kwa inu ndi kwa mwana, pitani mukaonane ndi adokotala mukambirane za mankhwala ena ndi folic acid mimba isanakhale.

Gawo lachisanu ndi chinayi, kukumbukira

Wophunzira wakuthwa amafunsa kuti, ngati kapepala kofiira kamachoka m'mphindi zochepa, selo la chiwindi limakhala bwanji la chiwindi zaka 70? Funso labwino kwambiri. Yalani ulusi wachiwiri pambali pa woyamba ngati DNA yakopedwa, gawani mabobini akale ena uku ena uko, mipata mudzaze ndi atsopano. Zizindikiro zachepa ndi theka. Chimene chimazibwezeretsa ndi ma kapitawo aja amene akadali m'selo, amabwereranso pamalo pawo n'kuitananso HAT, komanso p300 ndi CBP zili ndi bromodomain yawoyawo nde zimakopeka ndi pamene pali zofiira kale. Kumbali yotseka kuli maloko olimba kuposa kungochotsa acetyl, monga chakuda cha Polycomb chija ndi methylation ya pa DNA penipeni, imene imakopedwa selo likamagawikana. Puloteni ya MeCP2 imagwira DNA yokhala ndi methyl n'kuitana HDAC, nde malokowa amathandizana. Mangani mfundo pa ulusi kuimira methylation ya DNA muone kuti kumasula mfundo ndi ntchito yaikulu kuposa kumatula kapepala.

Gawo lomaliza la sizasi

Akakufunsani kuti zonsezi amazidziwa bwanji, yankho ndi ChIP, njira ya mu labu yotolera zidutswa za DNA zimene ma histone ake ali ndi chizindikiro chimene mukufuna. Chitani chonchi: matani zonse ndi selotepu mmene zilili, mu labu amagwiritsa formaldehyde. Dulani ulusi pakati pa mabobini. Tolani mabobini okhawo amene ali ndi chofiira pa K27, mu labu imeneyo ndi ntchito ya antibody, puloteni imene imagwira chizindikiro chimodzi chokhacho. Masulani ulusi wa pa mabobini mwatolawo muwerenge tizikwangwani take, ndiye sequencing imeneyo. Mukachita pa mkanda wa mnofu ndi wa magazi mupeza mayina osiyana m'dzanja. Kumbukirani kuti ChIP imangoonetsa kuti chizindikiro ndi gene yotseguka zapezeka pamodzi, kuti munene kuti ichi ndiye chachititsa muyenera kuchotsa kapena kulepheretsa enzaimu ngati tinachitira pa gawo lija loononga dala.

Polemba yankho la mayeso tsatirani njira imene manja anu adutsa. Yambani ndi DNA imodzi maselo osiyana, kenako nucleosome ndi michira, pulasi ndi mainasi, HAT ndi HDAC, ntchito ziwiri za acetyl osati imodzi, kenako transcription factor amene amalozera malo, mutsirize ndi chitsanzo chimodzi chimene mwachisewera bwino ndi chimodzi cha pamene zalakwika. Musanadule ndi sizasi jambulani mikanda itatu ija pa foni ili pamkeka. Ndipo mkanda umodzi musaudule, muupereke kwa mnzanu amene sanabwere, mumuuze kuti aupange ukhale selo la magazi la mwana wa miyezi iwiri, kenako la mwana wa chaka chimodzi, inu mungokhala chete muziyang'ana pamene akuika zofiira.